Kodi ndine ndinatengera amayi matenda kumudzi?

Funso

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ndimachita geni ya zitenje ndi nsapato, ndiye mwezi sutha osakwera basi: pena ku Lusaka, pena ku Lilongwe, kawiri kapena katatu pachaka ku Nakonde, kumalire ndi Tanzania. Mu Julayi ndinabwerako ku Nakonde ndili ndi kachimfine kosadetsa nkhawa. M'mawa mwake ndinapita kumudzi ku Katete kukasiya ndalama ya feteleza kwa amayi, ndipo tinagona nyumba imodzi. Iwo ali ndi zaka 71 ndipo amadwala shuga. Patadutsa masiku anayi anayamba kutsokomola ndi kubanika, mpaka anagonekedwa kuchipatala n'kuikidwa pa mpweya. Panopa achira, koma alongo anga akuti ndine ndimatuta matenda m'maboda n'kudzawatula kumudzi. Ena akuti korona inatha kalekale, ena akuti ikusintha chifukwa anthu tayambanso kuyendayenda. Zoona n'ziti? Ndisiye geni?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi kuthokoza kuti amayi anu atuluka m'chipatala ndi miyendo yawo. Munthu wa zaka 71 wodwala shuga akafika poikidwa pa mpweya, ife a m'mawodi mtima sukhala m'malo mpaka titamuona akudya phala yekha. Geni musasiye. Ana atatu aja adya chiyani, nanga feteleza wa amayi agula ndani?

Komabe sindikunamizani. N'zotheka ndithu kuti kachimfine kanu ndi kamene kanawagwetsa, chifukwa masiku anayi amene mwatchulawo akugwirizana ndi mmene tizilombo ta chimfine ndi korona timachitira. N'zothekanso kuti anakatenga kutchalitchi, kuchigayo kapena kwa mdzukulu wochokera kusukulu, pakuti mu Juni ndi Julayi chifuwa chimakhala paliponse. Ngakhale kachilomboko katakhala kanu, munapita kumudzi ndi ndalama ya feteleza, osati ndi chiwembu. Chimene chinakusowani ndi kudziwa kuti pa ulendo wonse, masiku ofunika kusamala kwambiri ndi atatu kapena asanu oyamba mutafika kunyumba. Pa mfundo imeneyi ndi pamene ndikufuna tikhalitse.

Kachilombo kakalowa m'thupi sikadzionetsa tsiku lomwelo. Kamayamba kaye kuswana m'mphuno ndi kukhosi mwakachetechete. Korona yoyamba ija ya mu 2020 inkabisala masiku pafupifupi asanu munthu asanamve kalikonse. Mtundu wa korona wotchedwa Omicron umabisala masiku atatu, chimfine wamba awiri. Chovuta n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri iye asanadwale, ndipo ena sadwala n'komwe. Tsopano ikani masiku amenewo pambali pa maulendo athu a lero. Kuchokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka kudzafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo basi yonyamuka mbandakucha imafika dzuwa likadalipo. Ku Lilongwe mumapita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ndege yochokera ku Johannesburg imatera ku Lusaka patangotha maola awiri. Munthu angathe kutenga kachilombo Lolemba m'dziko lina, Lachiwiri n'kukagona kwa agogo ake ku Katete kapena ku Chadiza, Lachinayi ndiye n'kuyamba kuyetsemula. Ulendo ukutha msanga kuposa nthawi imene matenda amatenga kuti aoneke.

N'chifukwa chake kachipangizo koyezera kutentha kaja, kamene ankatiloza nako pamphumi pa boda ya Mwami ndi pamakomo a masitolo, sikankagwira anthu ambiri. Inenso ndinakagwirapo m'manja kwa masabata angapo mu 2020. Amene ndinawapeza akutentha thupi, ambiri anali ndi malungo. Wa korona ankadutsa akumwetulira, thupi lili zii, iye mwini osadziwa chimene wanyamula.

Makolo athu ankayendanso, musaganize kuti kuyenda kwayamba ndi ife. Amuna a kuno, tauni ino ikadali Fort Jameson, ankapita ku Halale ndi ku Joni kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi. Koma ankayenda wapansi masabata ambiri, ndipo wogwidwa chimfine panjira ankachira kapena kufa asanafike. Zinasintha pamene kunabwera sitima. Mu Seputembala 1918 sitima ziwiri za pamadzi, Jaroslav ndi Veronej, zinakocheza ku Cape Town zitanyamula amuna akuda amene ankagwira ntchito kunkhondo ku France. Panjira zinali zitaima ku Freetown ku Sierra Leone, kumene chimfine choopsa chinali chitabuka kale. Amunawo anawakweza sitima za pamtunda kuti azipita kwawo, ndipo kachilombo kanakwera nawo. M'masabata asanu ndi limodzi okha, anthu pafupifupi 300,000 anafa ku South Africa. Mliriwo unatsata njanji kudzera ku Bulawayo mpaka ku Livingstone. Kumene njanji inalibeko, monga kuno kum'mawa, unafika ndi amtengatenga obwerera kunkhondo ndi antchito othawa imfa m'migodi, ukudumpha mudzi ndi mudzi. Padziko lonse akuti unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Ndimakonda kukumbutsa anthu nkhani imeneyi chifukwa imaonetsa kuti kachilombo kalibe miyendo. Kamakwera chimene anthu a nthawi imeneyo akukwera. HIV nayonso, akatswiri atafufuza mbiri yake, anapeza kuti inafalikira kuchokera ku Kinshasa cha m'ma 1920 potsata njanji ndi mtsinje wa Congo.

Korona inapeza dziko la ndege. Mu 2019 ndege zinanyamula anthu okwana 4.5 biliyoni powerenga ulendo uliwonse. Matendawa anadziwika ku Wuhan ku China mu Disembala 2019, ndipo pofika pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse. Patangotha sabata, pa 18 Malichi, Zambia inalengeza odwala ake awiri oyamba, bambo ndi mkazi wake ochokera ku France. Enanso otsatira anali obwera pa ndege kuchokera ku Pakistan. Mukumbukira mmene anthu ankanenera pamsika wa Kapata nthawi imeneyo, kuti awa ndi matenda a anthu a mapasipoti, ife a njinga satikhudza. Kwa masabata ochepa zinkaoneka ngati zoona.

Kenako ndege zambiri zinaima, koma anthu sanaime. Anangosintha chokwera ndi njira. Mathiraki a mafuta, feteleza ndi mkuwa sakanaima, apo ayi dziko likanauma. Mu Meyi 2020 malo amene munachulukira odwala sanali pabwalo la ndege ku Lusaka koma ku Nakonde kwanuko, mpaka boda inatsekedwa kwa masiku angapo. Kwa anansi athu ku Malawi, mabasi anayamba kubweretsa anthu mazanamazana amene ntchito zinawathera ku South Africa. Anawasonkhanitsa pabwalo la Kamuzu ku Blantyre kudikira zotsatira, ndipo ambiri anathawa kupita kwawo zotsatirazo zisanatuluke. Sindiwaweruza. Munthu wayenda masiku angapo m'basi, njala ili m'mimba, kwawo kuli pafupi. Koma taonani chimene chinachitika: lamulo lotseka tauni kapena dziko limathamangitsira anthu kumudzi, ndipo kumudzi n'kumene kuli okalamba.

Kuno kwathu malire ndi a papepala. Dzina lenilenilo la tauni yathu likunena kuti pano ndi polowera. Tili ndi Mwami, Chanida kumene kumadutsa mathiraki a ku Tete ndi Beira, Lusuntha ku Lundazi, koma njira zodutsa m'minda ndi m'madambo palibe angaziwerenge. Munthu nyumba ili ku Vubwi, apongozi ali ku Mchinji, chigayo chapafupi chili tsidya lina. Pa Kulamba ku Mkaika amasonkhana Achewa a mayiko atatu. Masiku ano njinga zamoto zafika ngakhale m'midzi imene minibasi siifika, ndipo ulendo umene unkatenga tsiku lathunthu pa njinga yakapalasa ukutha mu ola limodzi. Ndiye alongo anu akamati matenda amachokera m'maboda, akunena zoona pang'ono chabe. Boda imalowetsa munthu woyamba. Akalowa, matendawo amakhala athu, tikupatsirana tokhatokha. Kafukufuku amene anachitika mu Julayi 2020 m'maboma asanu ndi limodzi a dziko lino, kuphatikizapo Lusaka, Ndola ndi Nakonde, anapeza kuti pa wodwala mmodzi aliyense wolembedwa m'mabuku a boma panali anthu pafupifupi 92 amene anali atatenga kachilomboka. Ambiri mwa iwo sanaonepo boda chaka chimenecho.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lakuti kodi kuyendayenda ndi kumene kumasintha kachilombo. Kumathandizira, koma gwero lake lili pena.

Mukumbukira kusukulu mphunzitsi akalemba manotsi pabolodi, wina n'kukopera, amene anajomba n'kudzakopera kwa mnzakeyo, winanso n'kukopera kwa wachiwiriyo? Pofika kwa mwana wakhumi, mawu ena asintha, chilembo china chagwa. Kachilombo ka korona kali ndi malangizo ake olembedwa ndi zilembo pafupifupi 30,000. Sikangathe kuswana pakokha. Kamalowa m'maselo a munthu n'kuwakakamiza kukopera malangizowo kambirimbiri, ndipo m'thupi la wodwala mmodzi mumatuluka timakope mabiliyoni. Pokopera pamakhala zolakwika. Zambiri sizisintha kanthu, zina zimapundula kachilomboko n'kufa. Koma mwa apo ndi apo cholakwika china chimakapatsa mwayi: kumamatira bwino kukhosi, kuswana msanga, kapena kusintha nkhope kuti asilikali a m'thupi amene anakaonapo kale asakazindikire. Kamene kapeza mwayi kamafikira anthu ambiri kuposa anzake, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza kuti ndi kokhako kamene katsala. Palibe nzeru kapena cholinga pamenepa. Ndi zomwe zija zinachitika ndi malungo: tizilombo tochepa timene sitinkafa ndi chloroquine tinatsala n'kuswana, mpaka mankhwalawo anasanduka opanda ntchito ndipo dziko linasamukira ku Coartem.

Choncho kachilombo kamasintha kumene kukukoperedwa kwambiri, ndiye kuti kumene anthu ambiri akudwala nthawi imodzi. Basi ndi ndege ntchito yake ndi kunyamula mtundu watsopanowo kukautula kumene anthu sanakumane nawo. Tinaziona ndi maso. Mtundu wa Beta unadziwika ku Eastern Cape ku South Africa chakumapeto kwa 2020. Mu Disembala momwemo, nthawi imene anthu amabwera kudzadya Khirisimasi kwawo, asayansi a ku yunivesite ya Zambia (UNZA) anaunika zoyeza 23 za odwala a muno, ndipo 22 zinali za Beta. Januwale 2021 mawodi anadzaza. Delta inadziwika koyamba ku India, n'kudzatipeza m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi 2021. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, miyezi iwiri imeneyo ndi imene sindifuna kuikumbukira. Masilinda a mpweya ankatha usiku, achibale ali pakhomo akutiyang'ana, ndipo amene ankabanika sanali okalamba okha.

Delta yomweyo ndiyo yankho langa kwa amene amati kachilombo kakamasintha kamafooka. Palibe lamulo lotero. Delta inabwera pambuyo pa mitundu ina koma inali yaukali kuposa iyo. Kachilombo ka korona kamadumphira kwa munthu wina m'masiku oyambirira, pamene wodwala akuyendabe, kugulitsa ndi kupita kumaliro. Kubanika kumabwera sabata yachiwiri, iko katapita kale. Ndiye kaya wodwalayo achira kaya amwalira, kwa kachilomboko n'chimodzimodzi. Chimene chachititsa kuti korona isamaphe ngati kale kwenikweni ndi matupi athu. Pafupifupi tonse tinadwalapo kapena kubayitsa katemera, amene anayamba kuperekedwa muno mu Epulo 2021, ndipo ambiri zonse ziwiri. Thupi likakumana nako silichita chilendo. Koma thupi la munthu wa zaka 71 wodwala shuga limachedwa kudzuka ndipo limaiwala msanga. Kachimfine kanu kosadetsa nkhawa kaja ndi kubanika kwa amayi anu zingathe kukhala kachilombo kamodzi m'matupi awiri osiyana.

Za Omicron ndili ndi mawu, ndipo mundikhululukire ngati ndipsa mtima pang'ono. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa ndi amene anauzindikira mtunduwu mu Novembala 2021, ndipo anauza dziko lonse msanga monga mmene ziyenera kukhalira. Malipiro ake, mayiko olemera anatseka ndege zochokera kum'mwera kwa Africa. Britain inaika ngakhale Zambia ndi Malawi pa mndandanda wa mayiko oletsedwa. Malo ogona alendo ku Mfuwe, amene anali atangoyamba kupuma, anaonanso alendo akubweza maulendo. Patapita masiku ochepa, a ku Netherlands anapeza Omicron m'zoyeza zimene anatenga kwawo komweko ziletsozo zisanaikidwe. Pakati pa Disembala Britain inachotsa chiletsocho chifukwa mtunduwo unali utadzaza kale m'dziko mwawo. Kutseka malire kungachedwetse kachilombo masabata ochepa ngati kwachitika molawirira kwambiri, ndipo mayiko a pazilumba monga New Zealand anapindula nako. Dziko ngati lathu, lozunguliridwa ndi mayiko asanu ndi atatu, lodalira mathiraki pa mafuta alionse, silingadzitsekere chotero. Chimene chimathandiza ndi kuyeza msanga, kunena zoona msanga, ndi kutsata amene wodwala wakumana nawo. Nigeria inachita zimenezi mu 2014 pamene munthu wodwala Ebola anatsika ndege ku Lagos, mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri, ndipo matendawo anathera pa anthu 20.

Pali mbali ina imene imatikhudza kwambiri kuno, ndipo ndiinena mosamala. Omicron inabwera ndi zosintha pafupifupi 50 nthawi imodzi, ngati mwana amene wasowa m'mudzi n'kudzabwera ali ndi ndevu. Limodzi mwa maganizo amene akatswiri ambiri amawaona kukhala omveka ndi lakuti mitundu yotere imakulira m'thupi la munthu amene chitetezo chake n'chofooka kwambiri, moti kachilombo kamakhalamo miyezi kosatha, kakuyesa njira iyi ndi iyo. Ku South Africa madokotala anatsatira mayi wina amene HIV yake sinkamvera mankhwala, ndipo korona inakhala m'thupi mwake masiku 216 ikusinthasintha. Atamusinthira ma ARV n'kuyamba kugwira ntchito, thupi lake linachotsa koronayo. Zoterezi zaonekanso kwa odwala khansa ku Ulaya ndi ku America, ndiye si nkhani yoloza chala munthu. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti amene amamwa ma ARV mokhulupirika ali ndi chitetezo ngati cha wina aliyense. Vuto limabwera ndi kudukiza. Ndaona amalonda ndi madalaivala ambiri akutha sabata ziwiri osamwa chifukwa mankhwala anathera panjira, katundu atachedwa pa boda. Ngati inu kapena anzanu a geni muli pa mankhwala alionse a tsiku ndi tsiku, kaya a HIV, a shuga kapena a BP, nyamulani oposa masiku a ulendo, ndipo muwasunge m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa basi.

Nanga pa ulendo wanu, kachilombo mumakatenga pati kwenikweni? Anthu amaopa ndalama, zitenje za m'mabelo, mpando wa basi. Zimenezo si zoopsa kwambiri. Tizilombo ta chifuwa timayenda ndi mpweya umene munthu watulutsa popuma, polankhula, poimba ndi potsokomola, ndipo timaunjikana m'malo otsekeka monga mmene utsi umachitira m'khitchini yopanda zenera. Pamsika wa panja mphepo imamwaza. M'basi ya Juni, mawindo onse otseka chifukwa cha chisanu, anthu 60 akupumirana maola asanu ndi atatu, ndi nkhani ina. Chimodzimodzi chipinda cha alendo ku Nakonde chimene mumagona amayi asanu kuti mugawane mtengo. Ndipo kuposa zonse, nyumba ya siwa: azimayi odzaza m'chipinda usiku wonse, zitseko zotseka, nyimbo mpaka kucha, ena achokera ku Lusaka, ena ku Kitwe, ena ku Malawi, pakati pawo pali agogo. Akatswiri anapeza kuti odwala korona ambiri sankapatsira aliyense kapena ankapatsira munthu mmodzi, pamene ochepa, mmodzi kapena awiri mwa khumi, ndiwo ankafalitsa gawo lalikulu, kawirikawiri pa msonkhano umodzi wa m'nyumba. Ndinaonapo mudzi wina umene maliro amodzi anabala maliro ena atatu m'mwezi womwewo. Sindikunena kuti tileke kulira anzathu. Koma zenera la nyumba ya siwa likhoza kutsegulidwa, ndipo agogo akhoza kukhala pakhonde ndi bulangete m'malo mwa pakati pa chipinda.

Tsono inu muzichita chiyani? M'basi, ngati mungasankhe, khalani pawindo n'kulitsegula pang'ono, ngakhale anzanu adandaule za mphepo. Sungani masiki m'chikwama. Simukuyenera kuivala paliponse ngati mu 2020, koma woyandikana naye akamatsokomola kuyambira pa Luangwa mpaka ku Nyimba, ivaleni, ndipo inuyo mukakhala ndi chimfine ivaleni chifukwa cha anzanu. Sambani m'manja musanadye pamalo opumira, chifukwa panjira palinso matenda otsegula m'mimba ndi kolera, amene njira yake ndi ina. Koma chachikulu ndi ichi: mukabwera ku ulendo wautali, musathamangire kwa amayi. Dikirani masiku anayi kapena asanu muone mmene thupi lilili. Ndalama ya feteleza ingathe kupita pa foni. Ngati mwabwera ndi chimfine, dikirani mpaka chithe, pafupifupi sabata. Zikavuta kuti simungachitire mwina, mwina iwo adwala kapena kuli maliro, chezani nawo panja pamphasa, musagone nawo chipinda chimodzi, ndipo musamwere kapu imodzi. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kufika kwa mayi ako n'kukana kulowa m'nyumba kumaoneka ngati mwano. Auzeni chifukwa chake. Munthu amene wagonapo ndi chubu cha mpweya m'mphuno savuta kumvetsa.

Pa funso lakuti korona inatha: pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko kakadalipo, kakuyenda limodzi ndi chimfine ndi tizilombo tina ta chifuwa, ndipo zidzukulu za Omicron zikubadwabe. Kwa inu mwina ndi masiku atatu a mutu ndi kukhosi. Kwa amayi anu ndi nkhani ina. Popita nawo kukiliniki kukatenga mankhwala a shuga, funsani za katemera wowonjezera wa korona ndi wa chimfine, ndipo onetsetsani kuti shuga wawo akuyezedwa pafupipafupi, chifukwa shuga wokwera amafooketsa thupi pa matenda alionse, ndipo matenda nawo amakweza shuga.

Mukadwala mutabwera ku ulendo, musangoganiza kuti ndi chimfine. Kuno kum'mawa thupi likatentha, choyamba ndi kuyezetsa malungo, tsiku lomwelo. Akapanda kupezeka ndipo mukupuma bwino, pumani kunyumba, imwani madzi ambiri ndi Panado. Tiyi wa mandimu ndi jinja amafewetsa kukhosi, imwani, koma sapha kachilombo. Kufukiza ndi masamba a bulugamu kumatsegula mphuno kwa kanthawi, kungoti ndasamalirapo ana opsa ndi madzi otentha chifukwa cha zimenezi, ndiye ana ndi okalamba musawafunditse bulangete pa mphika. Ma antibayotiki ogula pa kantemba sagwira tizilombo ta chimfine kapena korona. Mukungotaya ndalama ndi kuphunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwanu kupirira mankhwala.

Pitani kuchipatala mosazengereza, kaya ndi usiku, ngati munthu akupuma movutikira kapena mothamanga, akulephera kumaliza chiganizo osapumira, akumva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, wasokonezeka mutu kapena akungogona osadzutsika bwino, milomo yasintha mtundu, kapena akulephera kumwa. Kwa mwana wamng'ono yang'anani pansi pa nthiti: pakamalowa mkati popuma, kapena akakana kuyamwa, nyamukani. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima, impso kapena amene chitetezo chawo n'chotsika asadikire zizindikiro zonsezi. Aonedwe m'masiku awiri oyamba. Korona ili ndi khalidwe loipa lotsitsa mpweya m'magazi munthu akuoneka ngati ali bwino, ndipo kawirikawiri imatembenuka pakati pa tsiku lachisanu ndi lakhumi, pamene abale ayamba kunena kuti wayamba kupeza bwino. Ngati mungakwanitse, gulirani amayi kachipangizo kopana pachala koyezera mpweya. Kakamaonetsa pansi pa 92 mobwerezabwereza, musadikire kuti kuche. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, makamaka ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, n'chofunika kuyezetsa TB, ndipo kuyezako n'kwaulere m'zipatala za boma.

Chinanso, mukafika kwa dokotala kapena namwino, nenani kumene mwachokera musanafunsidwe. Anthu ambiri amabisa, poopa kuti awatsekera kapena awafunsa za katundu. Ife za msonkho sizitikhudza. Koma mawu akuti “ndinali ku Nakonde sabata yatha” kapena “ndachokera ku Kasumbalesa kumalire ndi Congo” amasintha zimene tiyang'ane. Zotupa za madzi pakhungu pamodzi ndi mwanabele zingakhale mpox, imene inapezeka koyamba muno mu Okutobala 2024 mwa munthu wapaulendo. Kutentha thupi pamodzi ndi kutuluka magazi mutachokera kudera kumene kwamveka Ebola kapena Marburg ndi nkhani yofuna kuti muimbe foni kapena mutume munthu kaye, musakwere minibasi yodzaza. Nthawi zambiri sizikhala zimenezo, koma mliri uliwonse umene unagwidwa msanga unagwidwa chifukwa wodwala wina ananena kumene anali, ndipo namwino wina anamvetsera.

Za alongo anu, musakangane nawo. Anachita mantha poona mayi awo akubanika, ndipo mantha amafuna munthu womuloza. Akhazikeni pansi muwauze zimene mwasintha: kuti mukabwera ku ulendo muzidikira masiku asanu musanapite kumudzi, ndipo ndalama muzitumiza pa foni. Kenako muwapemphe kuti lamulo lomwelo ligwire aliyense wa pabanjapo, iwonso akachokera ku msika wa fodya kapena ku Nc'wala, ndi adzukulu akabwera kuholide kuchokera kusukulu zogonera komweko ali ndi chimfine. Amayi anu kwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi azitopa msanga, ndipo zimenezo zimachitika munthu akachoka pa mpweya. Asathamangire khasu. Akaona kuti kupuma kukuvutabe pakatha sabata zisanu ndi imodzi, kapena miyendo yayamba kutupa, abwerere kuchipatala akawaunikenso mapapo ndi mtima.